Zamoyo za kuseri kwa nyumba: chifukwa chake sitiziona, ndi momwe kuziyang'ana kumasandukira sayansi

Mu 2020, pomwe mliri wa COVID-19 unatsekereza anthu m'makomo, amuna atatu okhala nyumba imodzi mumzinda wa Brisbane ku Australia anadzifunsa funso looneka ngati la ana: kodi m'nyumba muno ndi pabwalo pathupa muli zamoyo za mitundu ingati? Atatuwa, Matthew Holden, Andrew Rogers ndi Russell Yong, mmodzi anali katswiri wa masamu, enawo odziwa za zamoyo. Anapempha akatswiri oposa 150 kuti angoyerekeza, ndipo mayankho awo anazungulira pa mitundu 200. Kenaka anayamba kuwerenga okha, usana ndi usiku, kwa chaka chathunthu. Anapeza mitundu 1,150. Mwa iyo, 436 inali ya agulugufe a masana ndi a usiku, ndipo 56 inali ya mbalame. Zotsatirazi zinasindikizidwa mu 2023.

Munthu akamva nkhani yotereyi amasuzumira pawindo, n'kuona mpheta ziwiri, mzere wa nyerere ndi udzu, kenaka amati mwina kumeneko, osati pano. Wina amadabwa ndi mapulogalamu a pafoni omwe akuti amadziwa mbalame pongomva kulira kwake. Wina amafunsa ngati kukhala pakhonde n'kumawerenga mbalame kuli ndi phindu lililonse kwa akatswiri. Mafunso onsewa ali ndi mayankho, koma tiyambe ndi chinthu chomwe chikuwerengedwacho.

Kodi chikuwerengedwa n'chiyani?

Asayansi akamati mtundu wa chamoyo, kawirikawiri amatanthauza gulu la zamoyo zomwe zimaberekana zokhazokha n'kubala ana omwe nawonso adzabereka. Tanthauzoli lili ndi pokhota pake, makamaka pa zomera ndi tizilombo tosaoneka ndi maso, koma pa nkhani ya pakhomo ndi lokwanira. Chomwe chimatisocheretsa n'choti malankhulidwe a tsiku ndi tsiku, m'chinenero chilichonse, amamanga mitundu yambirimbiri mumtolo umodzi. Tikati njuchi timaganiza zija zopanga uchi, chonsecho padziko pali mitundu ya njuchi pafupifupi 20,000, ndipo yochuluka sikhala mumng'oma ndipo ilibe mfumukazi. Yaikazi imakumba yokha kauna m'dothi, kapena kulowa m'kabowo ka mtengo wouma, n'kuikira mazira momwemo. Dzina limodzi loti kangaude labisa mitundu yodziwika yoposa 50,000. Kuchuluka ndi kusiyanasiyana kwa mitundu ya zamoyo pamalo kumeneku ndiko kumatchedwa biodiversity.

Amene anasonyeza bwino kwambiri kukula kwa nkhaniyi ndi mayi wina wasayansi, Jennifer Owen, wa mumzinda wa Leicester ku England. Kuyambira 1972, kwa zaka 30, ankalemba chamoyo chilichonse chomwe wachipeza pakhomo pake, malo okwana masikweya mita 741, pafupifupi gawo limodzi mwa magawo khumi a bwalo la mpira. Anapeza mitundu 2,673. Zomera zinali 474, tizilombo ta miyendo isanu ndi umodzi 1,997, tina monga akangaude ndi nkhono 138, ndipo zamoyo za fupa la msana, monga mbalame ndi achule, zinali 64 zokha. Pakati pa tizilomboto panali mitundu yoposa 500 ya timavu tomwe timaikira mazira m'matupi a mbozi ndi tizilombo tina, ndipo ina mwa iyo sinali itadziwikapo n'komwe kwa asayansi. Panalinso magulu ena omwe mayiyu sanawawerenge mokwanira, kutanthauza kuti chiwerengero chenicheni chinali chokulirapo.

Taonani kagawidwe kake. Mbalame ndi zinyama zina zomwe timazitcha zachilengedwe ndi kachigawo kochepa zedi. Eni ake a pakhomo ndi tinthu tating'ono, tambiri tosafika kukula kwa chikhadabo. Ndipo pakhomo pali ngati nyumba yosanja, chipinda chilichonse ndi alendi ake: m'dothi muli ena, pansi pa masamba ofota ena, mu udzu, m'zitsamba, m'makungwa a mtengo, m'ming'alu ya khoma, pansi pa denga. Malo ang'ono okhala ndi zipinda zambiri chotere amatha kusunga mitundu yambiri kuposa malo aakulu omwe ali ofanana ponseponse.

Chifukwa chake sitiziona

Kuchepa kwa matupi ndi chifukwa chimodzi, ndipo n'chosavuta kumva. Chachiwiri ndi ife eni. Chinyama chilichonse chili ndi mtunda womwe chimalola munthu kufika chisanathawe, ndipo munthu akatuluka m'nyumba akuyenda mofulumira, chitseko chikumenyetseka kumbuyo, amakhala wachotsa kale zonse zomwe amafuna kuona. Mbalame imodzi ikalira mochenjeza, za mitundu ina zimamva ndipo nazo zimabisala, abuluzi amalowa m'ming'alu. Choncho pakhomo pomwe timapaona tsiku ndi tsiku ndi pakhomo poti pangodutsa mdani. Mukakhala pansi malo amodzi, osagwedezeka kwa mphindi 10 kapena 15, zinthu zimayamba kubwerera m'malo mwake, chifukwa nyama zambiri zimachita mantha ndi choyenda kuposa chokhala chete. Izi zimamveka zopepuka, koma ine ndimaziona kuti ndilo luso lalikulu pa ntchito yonseyi, loposa zida zilizonse zoonera patali.

Palinso nkhani ya nthawi. Pakhomo pamasinthana magulu ngati antchito a pafakitale. Mbalame zimaimba kwambiri m'bandakucha, dzuwa lisanatuluke, ndipo akatswiri amapereka zifukwa zingapo: kukadali mdima woti n'kovuta kufuna chakudya, mpweya umakhala uli bata, ndipo yamphongo imalengeza kuti yadzuka yamoyo ndipo malo ake akadali ake. Agulugufe ndi njuchi amadikira kuti dzuwa liwafunditse. Madzulo ndi a mileme ndi achule, usiku ndi wa nkhono, abongololo ndi agulugufe a usiku, omwe mitundu yawo ndi yochuluka kwambiri kuposa ya masana. Munthu amene amayang'ana masana okha waona gulu limodzi.

Ndiyeno pali makutu. Gilbert White, m'busa wa mpingo m'mudzi wa Selborne ku England, yemwe anamwalira mu 1793, anatha zaka zambiri akulemba zomwe ankaona m'dimba lake ndi m'mudzimo. Kunali timbalame tating'ono tobiriwira tomwe anthu ankati ndi mtundu umodzi. Iye anazindikira kuti ndi mitundu itatu, chifukwa kaimbidwe kake kanali kosiyana. Analibe makina aliwonse. Chomwe anali nacho ndi kumvetsera timbalame tomwetomweto chaka ndi chaka mpaka khutu linaphunzira.

Koma White yemweyo anazunguzika ndi anamzeze. Ankawaona akusowa nyengo yozizira ikamayandikira, ndipo mpaka kumwalira ankaganizirabe kuti mwina ena mwa iwo amabisala chapafupi n'kugona nyengo yonseyo. Pakhomo pake pakanamuuza tsiku lomwe achoka ndi lomwe abwera, koma osati komwe apita. Yankho linadza mochedwa: namzeze yemwe anavekedwa kamphete kumwendo ku Staffordshire ku England mu 1911 anapezeka ku Natal, ku South Africa, mu Disembala 1912. Panafunika munthu wina, pakhomo lina kutali, kuti nkhaniyo ithe. Tibwereranso ku mfundo imeneyi.

Ntchito zomwe zikuyenda pa tsinde limodzi

Mawu akuti ecosystem amatanthauza zamoyo za pamalo pamodzi ndi dothi, madzi ndi mpweya wa pamalopo, komanso momwe zonsezi zimadalirana. Anthu amaganiza za nkhalango akamva mawuwa, koma nsonga ya chomera chimodzi ndi yokwanira kuti muzione ndi maso.

Pezani nsonga yanthete yomwe yagwidwa ndi nsabwe za m'masamba. Nsabwezi zimabaya chomera n'kumayamwa madzi ake. Madziwo ali ndi shuga wambiri koma zomanga thupi zochepa, choncho nsabwe imamwa mopitirira n'kumatulutsa timadontho totsekemera. Nyerere zomwe mukuziona zikukwera ndi kutsika zabwerera timadontho timeneti. Zimasisita nsabwe ndi tinyanga tawo kuti itulutse, ndipo zimathamangitsa adani ake monga momwe m'busa amatetezera ziweto. Yang'anitsitsaninso. Mwina muona kachilombo kakuda kotalika, kamawangamawanga, kakudya nsabwezo: ameneyo ndi mwana wa kachikumbu kofiira ka madontho akuda, ndipo safanana n'komwe ndi kholo lake. Mwina muonanso nsabwe zina zotupa, zouma, zofiirira, zina zili ndi kabowo kozungulira kumsana. Mmenemo kamavu kanaikira dzira, mwana wake anadya nsabweyo kuchokera m'kati, n'kuboola potulukira atakula.

Pa nkhondo imeneyi nsabwe zili ndi chida chimodzi choopsa. Nyengo ikakhala yabwino, yaikazi imabereka ana amoyo popanda yamphongo, ndipo anawo amayamba kubereka patangopita sabata imodzi kapena kuposerapo pang'ono. N'chifukwa chake mankhwala opha tizilombo tonse mosasankha nthawi zina amabweretsa zodabwitsa: amapha nsabwe pamodzi ndi adani ake, koma nsabwe zotsala zimachulukana msanga kuposa adaniwo, ndipo chomera chimadzazanso. Izi sizikutanthauza kuti mankhwala alibe ntchito. Zikungosonyeza kuti amagwera pa zamoyo zambiri kuposa chomwe munthu walinga.

Pansi pa mapazi pali ntchito ina yachete. Wasayansi wa ku England Charles Darwin anatha zaka pafupifupi 40 akuganizira za nyongolotsi za m'dothi, ndipo zambiri anazifufuzira pakhomo pake ku Down House, m'chigawo cha Kent. Mu 1842 pamunda wina pafupi ndi nyumbayo anamwazapo tizidutswa ta choko. Mu 1871, patapita zaka 29, anakumba n'kupeza chokocho chili pansi masentimita pafupifupi 18. Palibe anachikwirira. Nyongolotsi zinkameza dothi la pansi n'kumalitulutsa pamwamba pang'onopang'ono, mpaka zonse za pamwamba zinamira. Anaziyesanso ngati zimamva: anaziimbira wezulo ndi chitoliro, sizinatekeseke, koma ataika mphika womwe zinalimo pamwamba pa piyano n'kuiliza, zinathawira m'mauna awo. Zilibe makutu, koma zimamva kunjenjemera kwa pansi. Buku lake la nyongolotsi linatuluka mu 1881, chaka chimodzi iye asanamwalire. Chomwe chimandigwira mtima pa nkhani ya choko ija ndi kudikira kwake: funso lofunsidwa ndi bambo wa zaka 33, n'kudzayankhidwa ali ndi zaka 62.

Kuyesa kotereku sikufuna zida zodula. Niko Tinbergen, katswiri wa makhalidwe a nyama wa ku Netherlands, ankafuna kudziwa momwe mavu okumba una mumchenga amapezera khomo lawo pakati pa mauna ambiri ofanana. Anazunguliza una umodzi ndi zipatso zouma za mtengo wa paini, ndipo mavuwo atachoka kukasaka, anasuntha mkombero wa zipatsozo n'kuuika pambali pang'ono. Pobwera anatera pakati pa mkomberowo, pomwe panalibe una. Anali ataloweza zizindikiro za pamalopo. Tinbergen anadzalandira mphotho ya Nobel mu 1973 pamodzi ndi Karl von Frisch ndi Konrad Lorenz.

Usiku, babu la pakhonde limasonkhanitsa msika wakewake. Kwa nthawi yaitali anthu ankati agulugufe a usiku amakopeka ndi kuwala kapena amayesa babu ndi mwezi. Kafukufuku wofalitsidwa mu 2024, wogwiritsa ntchito makamera othamanga kwambiri, anasonyeza kuti tizilombo touluka timalozetsa msana kumbali yowala kwambiri, chifukwa kuyambira kalekale mbali imeneyo inali kumwamba, ndipo umo ndi momwe timadziwira kuti pamwamba ndi pati. Babu likakhala pafupi, timalilozetsa msana n'kumangolizungulira mpaka kutopa. Nalimata ndi kangaude amadziwa zimenezi, n'chifukwa chake amadikirira pomwepo. Ofuna kuona agulugufe a usiku amapachika nsalu yoyera pafupi ndi nyali, n'kuzimitsa akamaliza kuti tizilomboto tibwerere ku ntchito zake.

Kuchoka pa kuona kufika pa kulemba

Kuona kumasanduka umboni pokhapokha kwalembedwa, ndipo cholembedwa chothandiza chimanena chomwe chaoneka, malo ake, tsiku ndi nthawi, kuchuluka kwake, ndi yemwe waona. Palinso china chomwe ambiri amaiwala: mwayang'ana kwa nthawi yaitali bwanji. Mbalame khumi m'mphindi zisanu si chimodzimodzi ndi mbalame khumi m'maola atatu, monganso msodzi sangakuuzeni kuti nsomba zachepa popanda kunena kuti waponya ukonde kangati.

Kuwerenga nako kuli ndi msampha. Mpheta imodzi ikabwera kasanu, mungathe kulemba zisanu. Bungwe loteteza mbalame la RSPB ku Britain, lomwe kuyambira 1979 limapempha anthu kuwerenga mbalame za pakhomo kwa ola limodzi kumapeto kwa Januwale, lili ndi lamulo lothetsa vutoli: lembani chiwerengero chachikulu chomwe mwachiona nthawi imodzi. Mukaona ziwiri, kenaka zinayi pamodzi, kenaka imodzi, yankho ndi zinayi. Chiwerengerochi chimakhala chochepa kuposa chenicheni, koma aliyense akalakwitsa mofanana chaka chilichonse, zaka zimatheka kuyerekezedwa. Ndipo tsiku lomwe simunaone kanthu nalo ndi loyenera kulemba. Popanda masiku oterowo palibe angadziwe kuti chinthu chayamba kusowa.

Cholemba chosavuta kuposa zonse ndi tsiku loyamba: loyamba kuona maluwa pamtengo wakutiwakuti, loyamba kumva achule, loyamba kuona mbalame yobwera ndi nyengo. Maphunziro a nthawi zomwe zinthu zotere zimachitika pachaka amatchedwa phenology. Robert Marsham wa ku Norfolk ku England anayamba kulemba masiku otere mu 1736, ndipo a m'banja mwake anapitiriza mpaka 1958. Ku Kyoto ku Japan, masiku omwe mitengo ya cherry imachita maluwa ochuluka akupezeka m'zolembedwa kuyambira chaka cha 812, ndipo mu 2021 tsikulo linafika pa 26 Malichi, msanga kuposa chaka chilichonse m'mbuyomo. Olemba akalewo sankaganiza za kusintha kwa nyengo. Lero zolemba zawo ndi umboni woti kutentha kukamakwera, zomera zimafulumira. Izi zimadetsa nkhawa chifukwa zamoyo zodalirana sizifulumira mofanana. Mbozi zikaswa msanga potsatira masamba, mbalame yochokera kutali ikhoza kufika n'kuswa ana chakudya chitadutsa kale.

Makomo ambiri akalumikizana

Apa ndi pomwe vuto la White ndi anamzeze ake limathera. Citizen science ndi kafukufuku yemwe anthu wamba amasonkhanitsa zomwe aona, akatswiri n'kuziphatikiza. Si chinthu chatsopano. Mu 1900, Frank Chapman wa ku America anapempha anthu kuti pa Khirisimasi aziwerenga mbalame m'malo mopikisana kuziwombera monga ankachitira ena nthawiyo. Chaka choyamba anthu 27 anawerenga m'malo 25, ndipo kuwerengako kukuchitikabe chaka chilichonse. Mu 1998, mabungwe awiri oona za mbalame a ku America, Cornell Lab of Ornithology ndi National Audubon Society, anayambitsa Great Backyard Bird Count, yomwe imachitika masiku anayi mu Febuluwale, munthu n'kuwerenga kwa mphindi zosachepera 15. Kuyambira 2013 aliyense padziko akhoza kulowa nawo.

Intaneti ndi mafoni zinakulitsa ntchitoyi. Pulogalamu ya eBird inayamba mu 2002 ndipo imalandira mindandanda ya mbalame. iNaturalist inayamba mu 2008 ndipo imalandira zithunzi za chamoyo chilichonse. Kompyuta imapereka dzina loyerekeza, koma anthu ena ndiwo amatsimikiza, ndipo cholembedwacho chimatengedwa kukhala choyenera kafukufuku pokhapokha anthu osachepera awiri atchula dzina ndipo oposa magawo awiri mwa atatu a otchulawo agwirizana. Pulogalamu ya pafoni ya Merlin, yomwe inatuluka mu 2014, inayamba kuzindikira mbalame ndi mawu mu 2021. Foniyo simva ngati munthu. Imasandutsa mawu kukhala chithunzi cha mizere yosonyeza kukwera ndi kutsika kwa liwu, n'kuchifananiza ndi zomwe kompyuta inaphunzira kuchokera ku mawu ambirimbiri ojambulidwa kale. Choncho imachita bwino pa mbalame zomwe anthu anazijambula kwambiri, ndipo imafooka kumadera komwe zojambulidwa n'zochepa, paphokoso, kapena ikakumana ndi mbalame yotsanzira zinzake. Dzina lomwe foni yapereka ndi poyambira. Chenjezo lina ndi loti chithunzi chotumizidwa kuchokera pakhomo chimasonyeza pomwe mumakhala, ndipo iNaturalist ili ndi njira yobisira malo enieniwo.

Kodi zolemba za anthu wamba n'zodalirika? Okayikira ali ndi mfundo zomveka. Anthu amalemba zazikulu ndi zokongola n'kusiya zazing'ono zotuwa, amayang'ana kwambiri masiku opuma, amasokoneza mitundu yofanana, ndipo zolembedwa zambiri zimachokera m'mizinda ndi m'mayiko olemera, moti mapu amatha kusonyeza komwe kuli anthu oyang'ana m'malo mosonyeza komwe kuli zamoyo. Ochirikiza amayankha kuti zolakwika zambiri zotere zimakonzeka ndi masamu ngati nthawi ndi malo zalembedwa bwino, ndipo palibe boma kapena yunivesite yomwe ingalembe antchito okwanira kuyang'ana malo ochuluka chotero. Zotsatira zina zazikulu zachokeradi kumeneku. Kafukufuku wa mu 2019 wopeza kuti mbalame ku United States ndi Canada zachepa ndi pafupifupi 3 biliyoni kuyambira 1970 anadalira kwambiri zowerenga za anthu ongodzipereka. Wa mu 2017 wopeza kuti kulemera kwa tizilombo touluka m'malo 63 otetezedwa ku Germany kunatsika ndi magawo oposa 75 pa 100 m'zaka 27 unachokera ku misampha ya gulu la okonda tizilombo la mumzinda wa Krefeld. Chiwerengero chimenechi ndi cha malo amenewo, si cha dziko lonse lapansi, ndipo akatswiri akukambiranabe za momwe zilili kwina.

Pomwe kuyang'ana kumasanduka kulowerera

Munthu akayamba kukonda zomwe akuona, amafuna kuzikokera pafupi, ndipo apa ndi pomwe pali mikangano. Kudyetsa mbalame ndiwo waukulu. Kumathandiza mbalame zina kupirira nyengo ya njala, ndipo kumapatsa anthu, makamaka ana ndi okalamba, mwayi woziona pafupi. Kumathanso kusintha makhalidwe a mtundu wonse. Timbalame totchedwa blackcap ta ku Germany ndi Austria tinkapita ku Spain nyengo yozizira, koma kuyambira cha m'ma 1960 tina tinayamba kupita ku Britain, ndipo chakudya cha m'makomo ndi chimodzi mwa zomwe zatithandiza kukhazikika kumeneko. Mbali inayo ndi matenda. Mbalame zambiri zikamadyera ndi kumwera pamodzi zimapatsirana. Kuyambira 2005 matenda a pakhosi otchedwa trichomonosis anafalikira pakati pa mbalame za m'makomo ku Britain, ndipo mtundu wotchedwa greenfinch unachepa ndi kuposa theka. Chakudya chimakopanso makoswe, ndipo chimakomera mitundu yolimba mtima kuposa yamanyazi. Amene amadyetsa amalangizidwa kutsuka ziwiya kawirikawiri ndi kusiya akaona mbalame yodwala. Ena amasankha kubzala zomera za maluwa, njere ndi zipatso kuti mbalame zizidzipezera zokha.

Madzi nawo ali pawiri. Mbale yosaya ya madzi imakopa mbalame, njuchi ndi atombolombo, koma madzi okhalitsa ndi malo oswanirana udzudzu, womwe kukatentha umatha kukula kuchoka pa dzira kufika pouluka m'sabata imodzi kapena masiku khumi. Kuwataya, kutsuka mbaleyo ndi kuthira ena pakapita masiku awiri kapena atatu kumadula mzerewo. Chimodzimodzinso mulu wa masamba ndi nkhuni: ndi nyumba ya achule, abuluzi ndi zikumbu, koma kumadera kwa njoka zaululu ndi zinkhanira pamafunika kuuika kutali ndi khomo ndi posewerera ana, ndipo mwala kapena chipika sichitembenuzidwa ndi dzanja lolowetsa pansi pake. Mukachitembenuza kuti muone, chibwezereni momwe chinalili, chifukwa chinyontho cha pansipo ndicho chimasunga okhalamo.

Pali zinthu ziwiri za pakhomo zomwe zimapha mbalame zambiri kuposa momwe anthu amaganizira. Kafukufuku wa mu 2013 anayerekeza kuti amphaka amapha mbalame pakati pa 1.3 biliyoni ndi 4 biliyoni pachaka ku United States, zambiri zikuphedwa ndi amphaka opanda mwini. Wa mu 2014 anayerekeza kuti zina pakati pa 365 miliyoni ndi 988 miliyoni zimafa podzimenyetsa pa nyumba, makamaka pa magalasi a mawindo, chifukwa mbalame imaona mitengo ndi thambo m'galasimo n'kuyesa ndi njira. Kutalikirana kwa manambalawa kukusonyeza kuvuta kwa kuwerenga zinthu zotere. Nkhani ya amphaka imautsa mapiri pachigwa pakati pa okonda ziweto ndi okonda mbalame, koma ya mawindo ilibe mkangano: madontho kapena mizere yoyandikana, yoikidwa kunja kwa galasi, imathandiza mbalame kuona kuti pali chotchinga.

Cholowerera chofala kwambiri ndi chochokera mu chifundo. Munthu amapeza kamwana ka mbalame pansi n'kukatola poganiza kuti katayidwa. Pamafunika kukayang'ana kaye. Ngati kalibe nthenga kapena kali ndi zochepa, maso ali otseka, ndiye kuti kagwa m'chisa, ndipo kakhoza kubwezeredwa ngati chisacho chikuoneka. Zoti makolo amakana mwana wogwiridwa ndi munthu chifukwa cha fungo si zoona. Koma ngati kali ndi nthenga thupi lonse, mchira waufupi, ndipo kakudumphadumpha, kachoka m'chisa pa nthawi yake. Mitundu yambiri imakhala masiku angapo pansi kapena m'zitsamba isanadziwe kuuluka bwino, makolo akuidyetsa komweko. Chofunika ndi kutsekera mphaka ndi galu m'nyumba, kusunthira kamwanako pachitsamba chapafupi ngati kali panjira, n'kupita kukaima patali kapena kuseri kwa windo. Kholo limakhala lili pamtengo chapafupi, mbozi ili kukamwa, ndipo silitsika munthu akadali pomwepo.